Mwana akufuna udokotala: kwa ife a ku Joni, njira yachidule ndi iti?

Funso ili limamveka paliponse pamene Amalawi akumana kuno ku Joni, kaya ndi potuluka m'tchalitchi ku Rosettenville, kumzikiti ku Mayfair kapena pa gulu la WhatsApp lothandizana pa maliro. Mwana wakhoza bwino masamu ndi sayansi, akuti akufuna udokotala, ndiye kholo limayamba kuwerenga zaka ndi zala: kodi palibe kumene angamalize msanga? Funsoli si la ulesi ayi. Munthu amene amapeza ndalama pa ntchito ya m'nyumba za eni, yaulonda kapena yosoka amadziwa kuti chaka chilichonse cha fizi ndi chaka china chimene nyumba ya kumudzi ikhala yosafolera.

Yankho langa ndi lakuti ambirife timawerenga zaka zolakwika. Timawerenga za m'kalasi zokha, 6 uku, 5 uko, nkumati ya 5 ndiye yachidule. Koma udokotala suthera pa tsiku lovala mkanjo ndi chipewa. Umathera pamene bungwe loyang'anira madokotala m'dziko limene mwanayo akufuna kugwiramo ntchito lamulemba m'kaundula kuti akhoza kuchiza anthu payekha. Kuno bungwe limenelo ndi HPCSA, kumudzi ndi Medical Council of Malawi. Amene anakwerapo basi ya ku Blantyre pa Park Station akudziwa kuti liwiro la dalaivala silithandiza kwenikweni. Nthawi imathera pa Beitbridge, pamene akuyang'ana mapepala. Udokotala nawo nthawi yake imatayikira pa zipata zotere.

Nkhaniyi si yatsopano. Kamuzu Banda anagwirapo ntchito ku migodi ya konkuno asanapite ku America mu 1925. Anamaliza udokotala ku Meharry Medical College mu 1937, koma pepala la ku America lokha silikanamulola kuchiza anthu m'mayiko olamulidwa ndi Britain, motero anakakhalanso pansi ku Edinburgh mpaka 1941.

Kuphunzira konkuno

Tiyambe ndi imene ili pakhomo. Sukulu ya madokotala ya Wits ili ku Parktown, ndipo ophunzira ake amaphunzirira odwala ku Charlotte Maxeke, ku Chris Hani Baragwanath ku Soweto, ku Helen Joseph ndi ku Rahima Moosa, zipatala zimene ambirife tinaimapo pamzere. Wochokera ku matiriki amaphunzira zaka 6. Ndi chimodzimodzinso ku Pretoria, ku Cape Town, ku Stellenbosch, ku KwaZulu-Natal, ku Sefako Makgatho imene akale amaidziwa kuti Medunsa, ngakhalenso ku Nelson Mandela University imene inatsegula sukulu yake ya madokotala mu 2021. Imene kwa zaka zambiri yakhala yosiyana ndi zinzake ndi ya Free State ku Bloemfontein, kumene digiriyi yakhala ya zaka 5. Chaka chimodzi chimenecho sichigwa kumwamba: tchuthi chimakhala chachifupi, ntchito yothinana, ndipo wolephera phunziro limodzi lalikulu amabwereza, nkufanananso ndi anzake a zaka 6.

Digiri ikatha pamabwera zaka 2 za internship, kugwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu m'zipatala za boma, kenako chaka chimodzi chotumikira kumene boma lakutumiza, chimene chinayamba mu 1998. Kuphatikiza zonse ndi zaka 9, kapena 8 kwa wa ku Bloemfontein. Chabwino chake nchakuti zaka 3 zomalizazo mwana amakhala akulandira malipiro, ndipo malipiro a intern kuno ndi ndalama yooneka, yoti nkuthandiza nayo abale.

Koma apa mpamene mapepala amalankhula kuposa ma marks. Malo m'sukulu za madokotala ndi ochepa, ofunsira ndi masauzande, ndipo amayamba aganizira nzika ndi amene ali ndi chilolezo chokhalitsa. Pangano la SADC la zamaphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre komweko mu 1997, limati ophunzira a m'chigawo chino azisungiridwa malo ena ndiponso azilipira ngati eni dziko. Pa maphunziro ena zimathandizadi, koma ku udokotala khomo la alendo ndi lopapatiza kwambiri. Wolowa ngati mlendo amafunikanso chilolezo chophunzirira, medical aid, ndi kulipiratu gawo lalikulu la fizi chaka chisanayambe. NSFAS, thumba la boma la fizi limene limanyamula ana ambiri a osauka, si ya alendo opanda chilolezo chokhalitsa. Ndiye pali chipata chomaliza chimene ambiri sachiona akamayamba: pogawa malo a internship, boma limayamba ndi nzika, kenako okhalitsa, alendo pamapeto. Mwana akhoza kumaliza ku Wits ndi ma marks okongola, nkuuzidwa kuti internship akachitire kwawo.

Makolo amene ana anu anabadwira kuno, imvani ichi. Kubadwira m'dziko lino sikumupatsa mwana unzika ngati makolo onse ndi alendo opanda chilolezo chokhalitsa. Koma lamulo la unzika limalola mwana amene anabadwira kuno, kubadwa kwake kunalembetsedwa, ndipo wakhala kuno kuyambira pobadwa mpaka kukwanitsa zaka 18, kuti apemphe unzika. Zimenezi sizichitika tsiku limodzi ku Home Affairs. Khadi la ku sikelo, malipoti a sukulu kuyambira Grade 1, kalata yobadwira, zonsezo zisungeni m'chikwama chimodzi, poti ndizo umboni wakuti mwanayo sanachokepo. Chaka chimene mungapulumutse pamenepo ndi chenicheni kuposa chimene mukuchifuna ku Bloemfontein.

Chinanso chimatayika kale mwana ali wamng'ono, kumapeto kwa Grade 9, posankha maphunziro. Akatenga Maths Literacy m'malo mwa masamu enieni, udokotala watsekeka ngakhale atakhoza bwanji. Aphunzitsi ena amakankhira ana kumeneko pofuna kuti sukulu ioneke yokhoza bwino pa matiriki, ndipo kholo limene limachoka m'bandakucha nkubwera usiku limasaina fomu osaiwerenga. Pamafunika masamu enieni, Physical Sciences ndi Life Sciences. Zotsatira za Grade 11 ndizo zimayamba kuyang'anidwa, mayeso olowera ku yunivesite a NBT alembedwe nthawi yabwino, ndipo ku Wits mafomu a udokotala amatseka kumapeto kwa June, osati September ngati a maphunziro ena ambiri.

Ya zaka 4 imene imanyenga anthu

Pali pulogalamu ya ku Wits yotchedwa GEMP imene imatchulidwa kawirikawiri ngati njira yachidule, poti amati ndi ya zaka 4. Nzoona, koma ndi ya munthu amene ali kale ndi digiri ina. Amalowa m'chaka chachitatu cha udokotala, nkuphunzira limodzi ndi amene anayambira chaka choyamba. Digiri yoyambayo ikakhala ya zaka 3, ndiye kuti zonse ndi 7, kuonjeza 3 za m'chipatala zija, 10. Kwa mwana wa zaka 18 imeneyi ndi yozungulira. Amafunika kukhala atakhoza biology, physics ndi chemistry za ku yunivesite, alembe mayeso olowera otchedwa WAPT, ndipo ngakhale malire olembedwa amaoneka ofikirika, opikisana nawo ndi anthu a ma marks apamwamba zedi, ena a digiri ziwiri.

Amene GEMP imamufupikitsiradi ndi munthu amene anaphunzira kale za mankhwala, za unamwino pa digiri kapena sayansi, ndipo mtima wa udokotala sunamuchoke. Kwa iyeyo zaka 2 zapulumuka. Koma kuuza mwana amene sanapeze malo kuti "yamba BSc, udzalowera ku GEMP" kuli ndi ngozi yake, chifukwa ambiri sadzalowa, ndipo amatsala ndi digiri imene sanaifune, yovutanso kupezera ntchito. Ngati atsata njira imeneyi, digiri yoyambayo ikhale yoti angadyerepo payokha zikakanika.

Kubwerera kumudzi

Iyi ndi imene anthu a kuno amaichepetsa, mwina poti tinazolowera kuganiza kuti chilichonse chabwino chili kumwera kwa Limpopo. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Wa MSCE amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera sayansi, kenako zaka 5 za MBBS, digiri ya udokotala. Amene ali ndi A-level yabwino, monga ochokera ku Kamuzu Academy kapena ku St Andrew's, akhoza kudumpha chaka chokonzekeracho, ngakhale kuti A-level yomweyo inawadyera kale zaka 2. Internship kumudzi ndi ya miyezi 18. Ndiye kuchokera pa MSCE mpaka kulembedwa m'kaundula ndi zaka 7 ndi theka, poyerekeza ndi 9 za kuno. Fizi ya wosankhidwa ndi boma ili pansi kwambiri pa ya kuno mukaisintha kukhala ma rand, ndipo pali bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ngongole.

Maphunziro ake si achibwana. Wophunzira wa pa chipatala cha Queens ku Blantyre amagwira odwala ndi manja ake msanga, amaona malungo a mu ubongo, TB, matenda a ana osowa zakudya ndi uchembere wovuta tsiku ndi tsiku, ndipo intern wa kumudzi amatuluka akudziwa kuchita opaleshoni yobereketsa, poti akapita ku chipatala cha boma la kutali palibe wina womudalira. Zosowa zilipo: makina, mankhwala, nthawi zina magetsi. Malipiro ndi ochepa, ndipo pakhala zaka zimene omaliza maphunziro amakhala pakhomo miyezi yambiri kudikira kuti boma liwaitane ku internship. Chaka ndi theka chimene munapulumutsa chikhoza kuthera pamenepo. Komatu kunonso kudikira kulipo. Mu 2024 madokotala amene anamaliza chaka chotumikira anachita zionetsero chifukwa chosowa ntchito m'zipatala za boma.

Kwa mwana amene ali kumudzi ndi agogo ake, akulemba MSCE, ine sindiona chifukwa chomukokera kuno. MSCE payokha kawirikawiri siikwana kulowera yunivesite ya kuno, amaiona ngati ya pansi pa matiriki, ndiye mwana amataya chaka kapena ziwiri kukonza zimenezo, kenako nkukagogoda pa khomo lopapatiza lija. Ndalama zimenezo bwenzi zitamulipirira sukulu yabwino yogonera komweko kuti apeze mapointi ochepa amene amafunika, chifukwa ku KUHeS nakonso mpikisano ndi woopsa. Kwa mwana wokulira kuno amene alibe chiyembekezo cha unzika, kumudzi kukhozanso kukhala kwachidule, bola satifiketi yake ya matiriki iyambe yayesedwa ndi akuluakulu a zamaphunziro kumeneko, komanso Chichewa chake chikhale choti nkufunsira gogo wa ku Chiradzulu kumene kukupweteka. Ana athu ambiri a kuno amalankhula Chizulu ndi Chingerezi bwino kuposa chinenero cha makolo awo, ndipo m'wodi ya ku Queens zimenezo zimaonekera sabata yoyamba.

Chimene muyenera kudziwiratu nchakuti dokotala wophunzira ku Malawi sangangofika kuno nkuyamba ntchito. HPCSA imamuona ngati wophunzira kunja, ndipo boma la South Africa silikonda kulemba ntchito madokotala ochokera m'mayiko osauka a mu Africa. Ngati cholinga cha banja nchakuti mwana adzagwire ntchito ku Joni, njira ya kumudzi ndi yaitali.

Za ku China, Russia ndi kwina

Ma agent amene amaika zithunzi za ana ovala makoti oyera pa Facebook amagulitsa kwambiri mayiko amenewa. Chimene amagulitsa kwenikweni ndi malo, poti kulowa nkosavuta ukakhala ndi ndalama, zaka sizichepa. Ku China digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi ndi ya zaka 6, ku Russia 6, ndipo kwina amaonjeza chaka chophunzira chinenero. Odwala a kumeneko salankhula Chingerezi, choncho mwana wosalimbikira chinenero amatha zaka zake akuonerera kumbuyo kwa anzake, osagwira wodwala. Pobwera, HPCSA imafuna kuti mapepala atsimikizidwe kudzera ku bungwe la ECFMG la ku America, kenako mayeso a board, olemba ndi ochita, ndipo anthu akhala akudikira nthawi yaitali kuti angopeza mpata wolemba. Kumudzinso Medical Council imayamba yamuyesa wophunzira kunja isanamulole internship. Za ku Ukraine tonse tinaziona mu 2022, ophunzira a ku Africa akuthawa nkhondo, ena atatsala pang'ono kumaliza, nkukayambiranso kwina pansi.

Zambia ndi yapafupi, matenda ake ndi ofanana ndi athu, Chinyanja chimamveka ku Lusaka, ndipo kuli masukulu a madokotala omwe si aboma amene amalandira Amalawi. Ya ku Cuba, ya pangano la Mandela ndi Castro, ndi ya nzika za South Africa zokha, ndipo ngakhale iwowo amabwera kudzaonjezera miyezi 18 ku yunivesite ya kuno. Kulikonse kumene mungasankhe, musanapereke deposit lemberani bungwe la madokotala la dziko limene mwana adzagwireko ntchito, mufunse ngati sukuluyo amaivomereza, ndipo yankho likhale lolembedwa. Kupezeka kwa dzina la sukulu mu World Directory of Medical Schools ndi poyambira chabe.

Ena amamva zoti ku America kuli udokotala wa zaka 3. Ulipodi. New York University inayamba njira ya zaka 3 mu 2013, ndipo ku Canada, McMaster ndi Calgary akhala akuphunzitsa zaka 3 kuyambira kalekale. Mu 2012 Ezekiel Emanuel ndi Victor Fuchs analemba mu magazini ya madokotala ya JAMA kuti maphunziro a udokotala ku America akhoza kufupikitsidwa ndi 30 peresenti popanda kuononga luso. Koma amalankhula za dziko limene munthu amayamba ndi digiri ina ya zaka 4, kenako 4 za udokotala, kenako zosachepera 3 za residency, maphunziro a ukatswiri m'chipatala. Akadula chimodzi amatsala ndi 10. Ife kuno ndi kumudzi timatenga mwana kuchokera ku sekondale molunjika, ndiye chimene iwo akulimbana nacho tinachidula kale. Mayiko a European Union anagwirizana kuti maphunzirowa asachepere zaka 5 ndi maola 5,500, ndipo aliyense wokulonjezani zochepera pamenepo kwa mwana wa matiriki, makamaka za pa intaneti, mufunseni kuti odwala adzawagwirira kuti.

Kiliniko ofisa

Ngati funso lenileni ndi lakuti mwana ayambe liti kuchiza anthu ndi kulandira malipiro, yankho lachangu ndi ili. Kumudzi, dipuloma ya ukiliniko ofisa ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo ku Thyolo ndi ya zaka 3, kuonjeza chaka cha internship. Anthu amenewa ndiwo anyamula zipatala za m'maboma kwa zaka zambiri. Amaona odwala, amalemba mankhwala, amachita maopaleshoni obereketsa, ndipo kumudzi aliyense amawatcha adokotala. Kuno kuli ofanana nawo otchedwa clinical associate, digiri ya zaka 3 imene inayamba ku Walter Sisulu mu 2008, kenako ku Wits ndi ku Pretoria. Koma kuno ntchitoyi sinazike mizu ngati kwathu: malo a ntchito m'boma ndi ochepa, amagwira pansi pa dokotala, ndipo mlendo amavutikanso kuposa.

Ndimailemekeza njira imeneyi, koma tisanamizane kuti ndi makwerero a udokotala. Kiliniko ofisa wofuna MBBS amakayamba pafupifupi pachiyambi, zaka zake za m'wodi sizimudulira zambiri. Chimene chinatseguka kumudzi ndi digiri ya BSc ya makiliniko ofisa, yozama pa gawo limodzi monga maopaleshoni, uchembere kapena matenda a ana. Imakweza udindo ndi malipiro, koma kaundula wake amakhalabe wina. Mwana amene mtima wake uli pa MBBS, ndipo anangophonya pang'ono, kubwereza mayeso chaka chimodzi kumamufikitsa msanga kuposa kuzungulira uku. Amene banja lake silingapirire zaka 7, kapena amene mapointi ake ali kutali, adzachiza anthu ambiri ngati kiliniko ofisa kuposa kutha zaka akuthamangitsa malo amene sadzabwera.

Za amene amangogula koti yoyera ndi chopimira pamtima sitingaziwerenge ngati njira. Mu 2023 mnyamata wina wotchuka pa TikTok monga dokotala anagwidwa pa Helen Joseph, ndipo a Wits ananena poyera kuti sanamalizepo udokotala kwa iwo. Kaundula wa HPCSA ali pa intaneti, aliyense akhoza kufufuza dzina.

Pali njira ina yosakaniza imene madokotala ambiri a Chimalawi anadzera: digiri yoyamba ndi internship kumudzi, ukatswiri kuno. Maphunziro a ukatswiri, kaya wa maopaleshoni, wa ana kapena wa matenda a amayi, amatenga zaka 4 kapena 5, ndipo mayeso ake amayendetsedwa ndi Colleges of Medicine of South Africa. Alendo amalowa ngati supernumerary registrar, amalembetsedwa ku HPCSA kuti aphunzire basi, amagwira ntchito usana ndi usiku ngati anzawo ku Bara kapena ku Groote Schuur, koma boma la kuno siliwalipira. Ndalama yodyera ndi ya lendi imachokera ku boma la kwawo, ku mabungwe othandiza kapena m'thumba la abale, ndipo akamaliza amayenera kubwerera. KUHeS nayo ili ndi maphunziro ake a ukatswiri otchedwa MMed a zaka 4, ena mwa iwo amatumiza ophunzira kuno kwa kanthawi kuti akaone zimene kumudzi kulibe zipangizo zake. Kwa banja limene lili ndi chipinda ku Turffontein kapena ku Cosmo City, nthawi imeneyo ndi imene kukhala kwanu ku Joni kumamuthandiza mwana kwenikweni, poti lendi ndiyo imawagwetsa ambiri mwa ma registrar osalipidwawa. Wofuna kudzera kumeneku ayambe kufunsa za womulipirira akadali pa internship, chifukwa mayunivesite a kuno amafuna kalata yotsimikiza za ndalama asanamupatse malo.